Kambale Nambala 14

Mphepo ya bora yagwetsanso njinga panja pa labotale.
Trieste yense akuyenda chogwira makoma,
ine ndagwira kambale kagalasi
momwe muli Tullio Benussi, kapena kachidutswa kake:
madontho atatu a mafuta a m'fupa la m'chiuno.

Ankawotcherera zitsulo za sitima kudoko.
Chaka chatha mankhwala anasesa khansa m'magazi mwake,
adokotala anamugwira chanza,
mkazi wake Nives anagula nsapato zovinira.
Mu Okutobala inabwerera osaodira.

Ndikusaka amene anatsala.
Chikhamu chija choswana usana ndi usiku
mankhwala amachiona msanga.
Ine ndikufuna kaselo kakholo, kaulesi,
kogona tulo tabodza m'ngodya ya fupa,
kamene kanamva chiphe chikudutsa n'kungoti duu
mpaka anthu ataiwala.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti
buku lake la chibadwa n'lomwelo.
Ndafananiza zilembo ndi za anzake amene anafa,
sizisiyana olo chimodzi.
Nkhani ili pamwamba pa mawu,
pa tizizindikiro tomatidwa ngati nthata:
apa usawerenge, apa pinda, apa tseka.
Tsamba lonena kuti kula, gwira ntchito,
nthawi ikakwana ufe ngati anzako,
lamatidwa ndi ulimbo.
Ndani anamata? Utsi wa kudoko? Zaka?
Kapena palibe, zinangochitika?

Lachiwiri ndinathira mankhwala omatula.
Pulofesa Cossutta, akumanga mpango m'khosi, anati
ndisaike mtima, mbale khumi ndi zitatu zinatinamiza kale.

Tsopano ndi fili koloko m'bandakucha.
Firiji ikung'ung'udza, khofi wazizira.
Pansi pa maikulosikopu, mwa mazanamazana,
maselo asanu ndi awiri asintha nkhope.
Akhwinyata, akhwima,
ayamba kukalamba.
Sindinasangalalepo chonchi poona ukalamba.

Asanu ndi awiri si machiritso.
Mwina ndi diso langa lotopa, mawa Dario awerengenso.
Uko kumtunda, m'chipinda chosalowa alendo,
Tullio wapempha wailesi kuti amve mpira,
nsapato za Nives zikadali m'bokosi.

Ndalemba 7 m'kope, ndi pensulo.
Ndasintha madzi odyetsera maselo,
ndabwezera kambale m'chofungatira
pa kutentha kwa thupi la munthu wamoyo,
ndipo ndakhalabe pampando
poti basi yoyamba siinafike.