Masupuni Khumi

Lachinayi, m'kalasi ya kumapeto kwa khonde,
ndinaika botolo la chakumwa chotsekemera patebulo,
pambali pake thumba la shuga ndi supuni.
Werengani nane, ndinatero.
Imodzi, ziwiri, zitatu...
Titafika pa khumi, Eleazar anaphulika kuseka:
"Aphunzitsi, limenelo ndiye kadzutsa wanga!"
Kalasi yonse inagwa nacho chikhakhali.
Ine supuni inandilemera m'manja.

Kunja kwa zenera minda ya letesi ya ku Salinas
yayala kubiriwira kwake mpaka kumapiri.
Amayi a ana awa ali momwemo, chiweramire
kuyambira nyenyezi zisanazime,
kudula ndiwo zokadyedwa kumizinda ya eni ndalama.
Madzulo amabwera ndi msana wothyoka
ndi zokazinga za m'pepala, za dola imodzi.

Ndinati, jambulani njira yochokera kwanu
kukafika kogula masamba ndi zipatso.
Mzere wa Nayeli unatuluka papepala,
unakwera padesiki.
"Mabasi awiri," anatero. "Lamlungu sayenda."

Ndani kwawo kuli wodwala shuga?
Manja anadzuka ngati chimanga cha mvula yoyamba.
Ndinasiya kuwerenga.
Itzel sanakweze lake, anangoyang'ana pansi:
"Bambo anga anawadula zala ziwiri za kuphazi.
Amazibisa m'jombo, kapitawo asadziwe.
Jekeseni wa mwezi umodzi amamukoka miyezi iwiri
chifukwa mwini nyumba sadikira."

Buku la boma likuti: Sankhani zakudya mwanzeru.
Ndinalemba mawuwo pabolodi,
ndinawayang'ana nthawi yaitali,
kenako ndinafufuta loyambalo ndi chikhatho.
Wosauka amasankha pakati pa chiyani ndi chiyani?
Umphawi ndi matenda zimadyera mbale imodzi,
ndipo mbaleyo sanaiumbe ndi ana awa.

Komabe tinaphunzira.
Nyemba, mazira, kabichi, mtengo wake pa sabata.
Kuwerenga timalemba tating'ono kuseri kwa chitini.
Magazi, momwe amatopera mwakachetechete.

Belu litalira, Eleazar anatsalira.
Botolo lija anali atalitenga, akulitembenuza.
"Azakhali anga ali ndi nopali kuseri kwa nyumba,
amati amathandiza. N'zoona?"
Ndinati bwera nawo mawa, tidzafufuze limodzi.
Anafika pakhomo, anatembenuka:
"Nanga sitolo ija, anaiika kutali ndani?"

Limenelo mulibe m'buku.
Ndinamuuza kuti tiyambira pomwepo Lachisanu.