Khola Lachitatu

Anabwera Lachiwiri, galimoto itavala fumbi la ku Lunzu,
mtsikana wa nsapato zamphira, Zione Matiki,
atanyamula sikelo yopachika ngati ya ogula nandolo.
Ndinaiyang'ana ndi diso loipa sikeloyo.
Inzake inandibera kale.

Anati: Mayi Likaka, tikufuna kudziwa
chomwe chimanenepetsa nkhuku msanga.
Ndinati: Mwanawe, nanenso ndikufuna kudziwa
chomwe chimanenepetsa munthu,
koma yambani ndi nkhukuzo.

Makola atatu, anapiye khumikhumi, a mikolongwe okhaokha.
Loyamba lidye cha m'thumba la ku Limbe,
chija ukamva mtengo umafunsanso kawiri.
Lachiwiri madeya ndi soya.
Lachitatu madeya ndi nandolo wokazinga,
nandolo wanga yemwe uja anagona m'matumba miyezi isanu
kudikira mtengo umene tinkaumva pa wailesi.
Mtengo sunabwere.
Anankafumbwe ndiwo anabwera.

Anandisiyira kope ndi pensulo.
Loweruka lililonse ndimange nkhuku miyendo,
ndiipachike, ndilembe nambala.
Ine wolekeza sitandade faivi
ndinasanduka mlembi wa nkhuku.
Aneba podutsa ankati: Odi kwa a dokotala!

Kenako mvula yoyamba inagwa,
dothi linanunkhira, chulu cha kuseri chinalavula.
Mwana wanga Dafuleni anatchera beseni pansi pa babu,
ngumbi tho, mpaka kusefukira.
Tinakazinga, tinadya, zotsala
iye anakakhuthulira khola lapafupi ndi khomo.
Lachitatu.
Mvula ikagwa, chimodzimodzi. Ine ndinkaona, osanena kanthu.

Sikelo inayamba kuyankhula zina.
Zione anavula magalasi, anapukuta, anawerenganso.
Nandolo! anatero. Mayi, nandolo wapambana!
Izi zipita ku Lilongwe,
akuluakulu akaziona asintha ndondomeko,
alimi a Blantyre yense adzauzidwa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Ndinaona amayi a ku Lirangwe, a ku Mdeka,
akukazinga nandolo wawo pa mawu a kope langa,
nkhuku zawo zili nthenga zokhazokha,
dzina langa likutafunidwa pa mjigo.
Bodza la pensulo limakwera galimoto,
choonadi chikulitsata wapansi.

M'mawa ndinamuimbira ndi mayunitsi obwereka.
Ndinati: Mu nambala zanu muli ngumbi.
Anakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yathawa.
Kenako: Beseni lake lalikulu bwanji?
Masiku angati? Zouma kapena zamoyo?
Osakalipa ayi.
Mawu ake anali a munthu
amene wataya singano n'kutola mpeni.

Tinayambiranso. Miyezi itatu inapita m'madzi.
Pa pepala latsopano pali mzere
umene kale panalibe,
ndipo Dafuleni, amene amathawa masamu kusukulu,
akudikira mitambo ndi kapu yoyezera.

Tsiku lomaliza anandipatsa fomu.
Funso la makumi awiri:
Boma lichite chiyani kuti ulimi wanu upite patsogolo?
Malo oyankhira anali kamzere kamodzi,
kafupi ngati chala cha mwanapiye.
Ndinayamba ndi feteleza wa makuponi
amene amandipeza chimanga chili m'chiuno,
ndinafika pa mtengo wa nandolo,
pa katemera wa chitopa amene amafuna firiji
m'mudzi mopanda firiji,
ndinatembenuza pepala, ndinadzaza kuseri,
pensulo inatha.

Sindikudziwa ngati ku Lilongwe amatembenuza mapepala.

Tambala wa khola lachitatu sindinamugulitse.
Amalira nthawi isanakwane, cha m'ma thiri koloko,
ndipo ndikadzuka kuti ndikamukalipire
ndimapezeka ndatenga kale kope.