Matola a ku Mkanda

Malizani, wandifunsanso lero
uku ukukunga chingwe pa matumba a mtedza:
"Kodi kunjako umagwira ntchito yanji kwenikweni?"
Chaka chatha mayi anafunsa zomwezo,
ndinazungulirazungulira mpaka iwo anayamba kusinza.

Tsono taona galimoto yakoyi, pano pa Kamwendo.
Kutsogolo kuli mipando itatu basi.
Amenewo ndiwo mapulotoni, opatsa chinthu dzina.
Akakhala atatu, ameneyo ndi litiyamu,
yemwe uja ali m'batire ya foni yako yong'alukayo.
Kumbuyo kumakwera manyutironi,
anthu opanda chipani, ongowonjezera kulemera.
Masiku wamba amakwera atatu, mwina anayi.
Ife timasaka tsiku la msika:
asanu ndi atatu,
awiri mwa iwo atalendewera kunja kwa bodi,
chala chimodzi pa chitsulo, mapazi m'malere.
Wina akati akwerenso amangopulumuka
ngati dontho pa nsonga ya lata.

Wotere sungamutole m'munda, sungamukumbe m'phiri.
Timachita kuswa.
Timathamangitsa mitima ya maatomu m'chipaipi chachitali,
liwiro loti kuwala kokha ndiko kungaipitirire,
n'kuiombetsa pa kachitsulo kopyapyala.
Phwaa! Zidutswa mbwee.
Maginito amapeta, ife maso pa kompyuta,
mankhusu mamiliyoni kuti tione njere imodzi.
Nayo njereyo sichedwa.
Ukagawa sekondi pa zana, gawo limodzi silitha
iyo itasanduka kale china.

Koma litiyamu uja anapezeka ine ndisanabadwe.
Amene ndikumusakayo ndi wina, wolemererapo,
woti kaya aliko kaya kulibe.
Milungu itatu ndinachezera naye,
chisanu chikuluma zenera, tiyi atazizira m'kapu,
ndinapeza timadontho tiwiri.
Kachitatu mnzanga anati ndi litsiro la makina.
Tinakangana mpaka kunacha.
Anali kunena zoona.

Wamvetsera, Malizani, chingwe chili kumano,
kenako wati:
"Ndiye iweyo amakulipira chifukwa chopachika mopyola?
Ine apolisi pamsewu amandilipiritsa."
Aseka amayi a tomato, waseka kondakitala,
ngakhale mbuzi yomangidwa miyendo yalirapo.

Injini yakana kawiri, kachitatu yavomera.
Wandiitanira kumpando wakutsogolo,
uja ankakhala bambo asanadwale,
koma alamu akhalapo kale ndi mwana.
Palibe kanthu. Ndakwera kumbuyo,
phazi limodzi pa thumba, lina pa mphepo.

Zaka zisanu ndi zinayi ndili chonchi,
kutali moti ana ako amanditcha alendo,
pafupi moti sindinagwe.
Fumbi la msewu wa ku Mkanda likulowa m'mano.
Ndikuwerenga mitu monga ndinazolowera,
ndipo pa bampu iliyonse
ndikumva chala changa chikufunsa chitsulo
ngati tidakali limodzi.