Wodya Pomaliza

Kuno ku Kurigram madzi aphwa m'minda.
Ndimaphika ndine, koma dzanja langa limadikira.
Ayambe apongozi aamuna, kenako Mofizul,
anyamata awiri, kenako mayi ake.
Mphika ukamafika kwa ine
umakhala utanena kale zonse:
mpunga wopserera wa pansi, mchere, tsabola mmodzi,
ndi fungo la nsomba imene inadutsa pano.

Mayi ake akuti usakhute, mwana angakule mutu,
udzalira pobereka.
Dzira ayi. Papaya ayi.
Ndinamvera. Iwonso anamvera pa nthawi yawo.

Mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri.
Dzuwa likalowa, maso anga amalowa nalo.
Ndimapapasa khoma lamalata kufuna chitseko,
dzana ndinaponda kamwana ka bakha.

Rehana wa kuchipatala anakoka chikope changa ndi chala,
nayang'ana nthawi yaitali.
"Muli mbee ngati mkati mwa kokonati.
Magazi anapita kuti?"
Ndinangoseka. Ndikanati chiyani?
Ali m'mbale zisanu.

Anasiya mapiritsi a ayironi, onunkha dzimbiri,
nati tinsomba ta mola ta m'dziwe lija
ndisamatidule mitu,
ndizidya ndi maso omwe.

Lero sindinadule.
Tinayi ndatikwirira pansi pa mpunga wanga,
wakuba pa moto wosonkha ndekha.
Ndatafuna msanga, nsana ku chitseko.

Wam'mimbayu wagunda kawiri.
Kaya akuthokoza,
kaya akufunsa kumene kwapita tinato.