Masiku Atatu ku Lisiboni

Magetsi athimanso kuno ku Mabvuku.
Ndayala mapu pathebulo losokera,
sizasi uku, simbi yozizira uko, kuti pepala lisapindike,
tochi ya foni ndailuma ndi mano.

Dziwenji, mwana wanga wosambitsa nkhalamba za eni ku Mangalande,
akuti am'patsa masiku atatu okha.
"Amayi, tikakumane ku Lisiboni.
Lembani zomwe mukufuna kukaona."
Zaka zisanu ndi chimodzi osam'gwira tsaya,
lero akundifunsa za nyumba zakale!

Komabe ndalemba, kuseri kwa lisiti la ulusi.

Tsiku loyamba: kasitima kachikasu koyenda mumsewu,
kokwawa chitunda ngati bongololo.
Akuti anthu amapanikizana ngati mukombi ya ku Mbare,
ndiye chachilendo n'chiyani?
Chikwama ndidzachikumbatira pamimba monga mwa masiku onse.
Mawondo angawa ndawachenjeza kale:
mzindawo ndi zitunda zokhazokha,
musakandichititse manyazi pamaso pa mwana.

Tsiku lachiwiri: doko.
Ine wobadwira pakati pa mtunda,
bambo wa ku Dedza, mayi wa ku Ntcheu, mchombo wanga ku Harare,
madzi aakulu omwe ndikuwadziwa ndi damu la Chivero
ndi mzere wa zigubu pa mjigo.
Ndikufuna ndikaime pomwe zombo zinkanyamukira,
ndikaone ngati miyala imakumbukira
omwe anapita, ndi omwe anabweretsedwa osafunsidwa.

Malemu bambo anadutsa ku Tete wapansi,
nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe.
Ankati, "Mawu ena m'kamwa mwathumu ndi obwereka:
nsapato, kalata, mbatata, kapitawo."
Ndiye ndikupita kwa eni mawu.
Ndikawauza kuti tawavala mpaka kuperepeseka,
tawaika zigamba, akutikwana tsopano,
sitibweza.

Dzulo ku ofesi ya viza
kamnyamata ka tayi kanandifunsa kuseri kwa galasi:
"N'chiyani chikutsimikiza kuti mudzabwerera?"
Ndinafuna kuseka.
Madiresi asanu ndi anayi a anamwali a ukwati wa kwa Chidzanja,
makina anga a chopondera omwe salola phazi la wina,
manda awiri ku Mabvuku ofuna kulambulidwa mvula isanagwe.
Zonsezi pa fomu palibe malo ake.
Ndinangopereka pepala la ku banki
lowonda ngati mwini wake.

Mai Tsitsi a kuseri kwa mpanda akuti ndikawagulire kambale ka buluu.
Abusa akufuna chithunzi cha tchalitchi.
Mdzukulu akufuna nyanja m'botolo la mafuta ophikira.
Nsomba zake akuti n'zowotcha pamakala, zazikulu kuposa matemba,
mtengo wake ndauwerengera m'madola kawiri
ndipo ndaika mtedza wokazinga m'sutikesi.

Tsiku lachitatu
ndalemba nsanja ya m'mbali mwa mtsinje, ndafufuta.
Ndalemba nyumba ya amonke, ndafufuta.
Pepala labooka.

Panja jakaranda wathothoka usiku wonse,
msewu wavala chofiirira ngati Lenti.
Pa hang'ala pali diresi lomwe ndam'sokera mongoyerekeza,
poti thupi la pa foni silipimika.
M'mbali ndasiya nsalu ya zala zitatu,
kaya wanenepa ndi buledi wa kumeneko,
kaya watha ndi ntchito za usiku.

Tsiku lachitatu lisalembedwe.
Tidzatseka chitseko cha chipinda cha lendi,
zombo zizilira zokha kunjako.
Ndidzatulutsa tepi m'kabra,
mapini m'kamwa,
ndidzati, imirira bwino, tambasula manja,
ndiyambe kuyeza pang'onopang'ono,
phewa, chifuwa, chiuno,
ndikalakwitsa dala
ndiyambirenso.

Magetsi abwera. Firiji yatsokomola.
Mapu ndapinda molakwika,
nyanja yagwera mkati.