Pa Phiri la Kanjala

Ndakwera kusanache, Ambuye,
kalata ya kuchipatala ili m'thumba,
yopindidwa kanayi.
Kumunsi ku Kapata zokuzira mawu zikukuitanani
ngati munagontha.
Ine mawu andithera. Inunso mwangoti zii.

Mphepo yokha, ndi galu wakutali.

Malemu atate analinso otero:
ndikadandaula za nsapato yong'ambika
sankayankha, ankangoyang'ana kumbali.
M'mawa ndinkaipeza pakhomo
itasokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.

Kaya Inunso ndinu otero, sindidziwa.
Mwina ayi.
Komabe ndavula nsapato zanga,
ndazisiya pamwala pano,
nditsike chosavala, mame akundiluma kumapazi,
ndikamtenthetsere Tiyanjane madzi osamba
asanadzuke n'kufunsa
zomwe adokotala analemba.