Mfundo ya Pansi pa Mchombo

Nditabereka Tiyese, mwana wachinayi,
thupi langa linasiya kundisungira chinsinsi.
Ndikatsokomola, dontho.
Ndikaseka, madontho atatu.
Ndikanyamula belo la zitenje pa lole
ndinkayamba ndayang'ana pansi.
Ndinasiya kuseka.
Pa Kamuzu Road ankati ndayamba matama.

M'sitolo ya nsalu momwe ndimagwira ntchito
Mayi Kantaben ankaona zonse, osanena kanthu.
Lachiwiri lina, magetsi atazima,
anandiitanira kuseri, pakati pa makatoni a ulusi ndi mabatani,
nayala mphasa ziwiri.
Chichewa chawo n'chopindika ngati mbedza,
koma chimakola.

"Kwathu timati mula bandha.
Kumanga muzu."
Ndinaseka, ndipo mukudziwa chomwe chinachitika.
Iwo sanaseke.

"Pakati pa khomo lakutsogolo ndi lakumbuyo
pali kansalu ka mnofu.
Usafinye matako. Usalume mano,
mano alakwanji?
Tulutsa mpweya. Tsopano kweza kansaluko pang'ono,
ngati ukutola kambewu ka mpunga ndi zala ziwiri."

Ndinafufuza m'kati mwanga
ngati wofuna machesi mumdima.
Ndinapeza mimba, ndinapeza ntchafu,
ndinapeza manyazi omwe ndinabwera nawo kuchinamwali,
komwe anatiuza zambiri za malo amenewo,
zonse zokomera mwiniwake wodzabwera.
Palibe ananena kuti mwiniwake ndine.

Sabata yoyamba, zii.
Yachiwiri, zii. Ndinati mayiwa akundiseweretsa.
Anamwino kuchipatala cha boma, nditawanong'oneza,
anati, "Ifenso timaphunzitsa zofanana, dzina lokha.
Pitiriza. Zikapanda kusintha ubwerenso."

Yachisanu, ndili pa kabaza kupita ku Kaphatenga,
njinga ikudumpha m'maenje,
ndinamva kanthu kakuyankha pansipo,
kakang'ono, ngati chikope chikutseka.
Ndinagwira. Ndinawerenga mpaka zisanu. Ndinamasula.
Wakabaza anafunsa ngati ndikupemphera.

Mayi Kantaben amati mpweya wa moyo umathawira pansi
ngati madzi m'ndowa yobooka;
ukamanga muzu, umabwerera,
n'kukwera ndi msana mpaka kuseri kwa maso.
Za kuseri kwa maso sindikudziwa.
Ndikudziwa kuti msana unawongoka wokha,
kuti ku Mvano, nyimbo ikakwera,
sindiimanso mzere wakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Anandichenjezanso, akudula nsalu ya yunifomu:
"Wodziwa kumanga adziwe kumasula.
Mfundo yokana kumasuka timaidula ndi sizasi."
Choncho usiku, ana akagona,
ndimasiya zonse zilende,
muzu, mapewa, ngongole ya kubanki mkhonde.

Dzulo mbuzi inalowa m'sitolo,
n'kutuluka nsalu ya ukwati ili kunyanga,
mlonda akuithamangitsa ndi tepi yoyezera
mpaka pa depoti ya minibasi.
Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa,
ndinaseka ngati ndikubweza ngongole ya miyezi isanu ndi inayi.
Kenako ndinakhala chete, kumvetsera thupi.
Ponyowa panali m'maso mokha.

Koma patsidya pa msewu Felesiya wa tomato sanaseke.
Anapingasa miyendo,
dzanja pakamwa,
maso pansi.
Kaimidwe kameneko ndimakadziwa.

Lero m'mawa, pochoka kunyumba,
ndinapinda mphasa yachitatu,
ndinaiika pamutu.
Sindinaganizebe mawu oyambira.
Mwina ndingogula tomato kaye.